Kangaude wa m'Phanga la Mbuzi

Phanga la Mbuzi silinali loti munthu n'kuimirira m'kati mwake n'kumajambulitsa. Linali dzenje chabe pakati pa mikungudza pa famu ya banja la a Vogt, kumpoto kwa San Antonio, pakamwa pake pongokwana munthu mmodzi amene sanakhutitse. Dzinalo linabwera chifukwa mbuzi ina inagweramo kalekale n'kufera momwemo. Ine ndinalowamo koyamba ndili ndi zaka makumi atatu ndi chimodzi, ndipo kuyambira pamenepo ndinkalowamo kanayi pachaka, chokwawa ndi mimba, kukawerenga akangaude.

Inde, akangaude. Sekani, simuli oyamba. Mayi anga anamwalira akuuzabe anzawo a kutchalitchi kuti Berta amagwira ntchito ya zamadzi, chifukwa ntchito yanga yeniyeni inkawachititsa manyazi.

Kangaude wake ndi wochepa ngati njere ya mpunga, wotuwa mbuu, wopanda diso ngakhale limodzi. Amakhala pansi pa miyala yonyowa, kumene kuwala sikunafikeko chilengedwere, ndipo amadya tizilombo tochepa kuposa iye. Tizilomboto timadya ndowe za nkhululu za m'phanga. Nkhululuzo zimatuluka dzuwa likamalowa, zimayenda mapazi zana limodzi kapena kupitirira kukadya m'tchire, n'kubwerera m'phanga mimba zili tayale. Ndizo zimadyetsa aliyense m'menemo. Choncho ntchito yanga inali kuwerenga nkhululu pakhomo, kenako kulowa, kutembenuza mwala uliwonse pang'onopang'ono, kuwerenga akangaude, n'kubwezera mwalawo momwe unakhalira. Tsiku limene ndinapeza ambiri, ndinapeza anayi. Ndinasangalala mpaka ndinamugulira Dwayne mowa.

Dwayne Stolte ndiye mnzanga wa pantchito. Kale ankalowa nane, koma nyama yootcha inamukulitsa mimba mpaka phanga linayamba kumukana. Anatsala wa pamwamba: kugwira chingwe, kuyang'anira njoka zija zoliza mchira, ndi kuwiritsa madzi. Nyerere zofiira zoluma zikamanga pafupi ndi phanga zimatsikiramo n'kudya chilichonse, ndipo mankhwala sitingathire chifukwa angaphe zonse, ndiye Dwayne ankazithira madzi owira, chulu ndi chulu, uku akuzitukwana.

Vuto linali limodzi. Akangaude onse amene ndinawaona pa zaka zisanu ndi zinayi anali ana, ndipo mwana wa kangaude wa m'phanga alibe dzina. M'mapanga a kwathu muli mitundu yambiri ya akangaude osaona, yofanana ndendende. Kusiyana kwake kuli m'kati mwa wamkazi wamkulu basi, m'ziwalo zake zoberekera. Kuti katswiri anene kuti uyu ndi wakutiwakuti, ayenera kumung'amba pansi pa makina okulitsa zinthu, ndipo wamoyo sang'ambidwa. Umamuponya m'kabotolo ka sipiriti, afe, ndiye adziwike. Ine wamkazi wamkulu ndinali ndisanamuonepo, choncho m'kope langa, chaka ndi chaka, ndinkalemba kuti mtundu sukudziwika. Sizinkandivuta. Phanga linalipo, mbuzi zinalipo, nkhululu zinkatuluka mazanamazana.

Tsiku lina m'mwezi wa Marichi, tikutsitsa zingwe m'galimoto, mayi Irma Vogt anandikodola ali pakhonde. Amuna awo anali atamwalira chaka chapitacho, ndipo mawondo awo anali atatheratu.

"Berta mwana wanga, bwera ukhale apa. Iwe Dwayne, khofi ali pa mbaula, dzithirire wekha, suli mlendo."

Ndinakhala. Anandidulira keke ya mtedza, chidutswa chachikulu kuposa masiku onse, ndipo ndinadziwa kuti pali nkhani.

"Ndagulitsa," anatero.

"Mwagulitsa chiyani amayi? Mbuzi?"

"Mbuzi angagule ndani, nkhalamba zinzanga zimenezi? Malo. Onse. Akuti amanga masitolo."

"Nanga phanga?"

"Ndinawauza za phanga lako. Anati aliona bwino." Anandiyang'ana m'maso. "Usandiyang'ane choncho iwe. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri kudza zinayi. Dzana ndinagwa kukhola, ndinagona pansi maola awiri mbuzi zikundinunkhiza. Akangaude akowo akanabwera kudzandidzutsa?"

Kekeyo ndinaimaliza.

Munthu wa kampani anabwera sabata yotsatira. Dzina lake anali Pruitt, waulemu mpaka kunyansa, nsapato zake zoti sizinapondepo ndowe. Anasuzumira m'dzenje manja ali m'thumba.

"Mayi Salinas, ife malamulo timawalemekeza kwambiri," anatero. "Ngati muno muli kanyama kotetezedwa, sitikhudzamo. Tipatseni umboni pofika Lachisanu lomaliza la mwezi wa mawa. Ukapanda kubwera, mutimvetse, tithiramo simenti. Dzenje lotere pamalo oimika magalimoto ndi ngozi kwa ana."

Kangaude wotetezedwa analipodi pa mndandanda wa boma wa nyama zosayenera kuphedwa. Anapezeka kamodzi kokha zaka makumi atatu m'mbuyomo, m'phanga lina limene tsopano lili pansi pa msewu waukulu. A Pulofesa Tackett, katswiri wa akangaude ku yunivesite, ankakhulupirira kuti athuwa ndi omwewo. Koma chikhulupiriro cha a Pulofesa si umboni. Pa foni anandiuza mosapita m'mbali: "Berta, ndipezere wamkazi wamkulu. Mmodzi yekha. Zina zonse ndi nkhambakamwa."

Ndinalowa m'phanga kasanu ndi kawiri m'masabata asanu. Zigongono zinasupuka, mawondo anatupa. Ndinapeza ana awiri, tsiku lina mmodzi, masiku ena palibe. Ndinkachita mantha kuti kulowalowa kwangako kukuumitsa dothi, koma ndikanatani? Dwayne pamwamba ankangowiritsa madzi ake osalankhula, zomwe kwa Dwayne ndi matenda.

Lachitatu la sabata yomaliza ndinakwawa mpaka kumapeto, kumene denga limatsika mpaka chipewa chimakhula mwala. Kumeneko kunali mwala wina wafulati umene ndinali nditautembenuza kambirimbiri. Ndinautukula ndi zala ziwiri, ndipo analipo. Anali wamkulu kuposa onse amene ndinawaonapo, miyendo yake yayitali ikufufuza mpweya. Ndinamukankhira ndi kaburashi m'kabotolo kouma, ndinaunika ndi tochi, n'kuyang'ana kunsi kwa mimba yake ndi kagalasi. Kadontho kakuda kaja kanalipo, chizindikiro cha wamkazi wokhwima. Kenako ndinayang'ananso mimbayo. Inali yotupa, yowala, yodzaza mazira.

Ndinabwerera chafutambuyo mpaka pansi pa khomo, pomwe mutu wa Dwayne unkaoneka pamwamba utatchinga dzuwa.

"Wamupeza?" anafuula. "Nkhope imeneyo ndikuidziwa. Berta, wamupeza!"

"Ndamupeza."

"Ambuye alemekezeke! Nanga ukudikira chiyani? Sipiriti ali m'thumba lako la kumanzere."

"Ali ndi mazira, Dwayne."

Ndinamva akusuntha mimba yake pamwala.

"Ndiye?"

"Ndiye tidikire aikire kaye."

"Aikire liti? Wakuuza tsiku? Lachisanu ndi mkuja, mlongo wanga. A Pulofesa akufunika tsiku lathunthu kuti amuone."

"Ndimubwezera pansi pa mwala wake. Ndikapempha a Pruitt atiwonjezere mwezi."

Dwayne anaseka, koma si kuseka kwabwino. "Pruitt? Amene makatapila ake afika kale kugeti? Iwe, zaka naini wakhala ukukwawa m'menemo ngati buluzi, wamuona kamodzi. Ukamubwezera udzamuonanso liti? Pofika nthawi imeneyo pamutu pake padzakhala sitolo ya nsapato."

"Mwina wamkazi ndi yekhayu."

"Mwinanso alipo makumi asanu m'ming'alu momwe iwe sungalowe. Afe mmodzi, enawo apulumuke."

"Enawo angati?"

"Ndidziwa bwanji ine? Wowerenga ndiwe. Ine ndine wowiritsa madzi."

Ndinamupsera mtima chifukwa ankanena zoona. Ndinakhala pansi pamatope, kabotolo kali m'manja. Kangaudeyo ankazungulira m'kati, akugunda galasi ndi miyendo yakutsogolo, kufuna mwala wake. Kuwala sankakuona, koma kuuma kwa mpweya wa pakhomo ankakumva. Ndinaganiza zomubwezera n'kunama kuti sindinapeze kanthu, ndipo simenti ikanamukwirira iye ndi mazira ake omwe. Ndinaganizanso zomujambula chithunzi, koma chithunzi ku ofesi yoona za nyama amangochiyang'ana n'kuchibweza. Njira inali imodzi, ndipo anaikonza ndi anthu amene sanagonepo pamatope.

"Berta," Dwayne anaitana motsitsa mawu. "Nditumizire kuno ndichite ine."

"Ayi. Ndamupeza ndine."

Ndinatsegula kabotolo ka sipiriti n'kuthira. Anaphiriphitha pang'ono, miyendo inapindikira m'kati, basi. Sizinatenge nthawi yoti munthu n'kumeza malovu kawiri. Ndinalemba tsiku, malo ndi dzina langa pakapepala ndi pensulo, ndinakaponya momwemo, n'kutseka. Dwayne anakapereka kabotoloko kwa a Pulofesa madzulo omwewo.

Lachinayi madzulo a Pulofesa anaimba foni akuchita kupuma mwabefu. "Ndi yemweyo, Berta! Ndi yemweyo! Patatha zaka makumi atatu! Wapulumutsa phanga, mwana iwe!" Dwayne anandinyamula m'mwamba pamaso pa anthu m'sitolo ya mafuta. Nyuzipepala inalemba nkhani, ndipo anthu ena anatiimbira foni kutitukwana kuti kachilombo kaimitsa chitukuko. Ine ndinkadziuza kuti ndachita bwino, ndipo kwa milungu itatu ndinakhulupirira.

Kenako Pruitt anatiitana ku ofesi yake n'kutambasula mapu patebulo. Pakati pa malo oimika magalimoto panali kabwalo kobiriwira.

"Nali phanga lanu, mayi Salinas. Mpanda wachitsulo, geti lokhoma, mapazi makumi awiri mbali zonse. Palibe adzalikhudze."

"Makumi awiri? Bambo, nkhululu zimayenda mapazi zana kukadya. Zikadya chiyani, phula?"

"Nkhululu?" Anatembenukira loya wake ngati ndalankhula chilankhulo china. "Nkhululu zili pa mndandanda?"

"Sizili pa mndandanda," anatero loyayo.

"Koma ndi zimene zimadyetsa kangaudeyo! Mukadula tchire mwapha phanga!"

"Mayi, tinagwirizana za phanga, ndipo phanga tikulisiya. Tikuwonjezanso chikwangwani chophunzitsa ana, mwa kufuna kwathu. Ndipo tikufuna inuyo mupitirize kuwerenga kanayi pachaka, monga kale. Ndani angalidziwe kuposa inu?"

Ndinalemba makalata asanu ndi imodzi ku ofesi yoona za nyama. A Pulofesa analemba imodzi. Yankho linabwera makatapila atagwetsa kale mikungudza, ndipo linati nkhaniyo aiganizira mozama. Nyumba ya mayi Vogt inagwa tsiku limodzi, khonde ndi mbaula zomwe.

Chikwangwani anaikadi. Wojambula wake anaona kuti kangaude wopanda maso saoneka bwino, ndiye anamupatsa maso awiri akuluakulu ndi kakamwa komwetulira. Ndinadandaula, anati akonza. Chilipobe mpaka lero, maso ali tong'o, moyang'anana ndi sitolo ya nsapato. Dwayne sanalakwitse ngakhale pa nsapatopo.

Chaka choyamba nkhululu zinatsika kuchoka pa mazana atatu kufika pa makumi anayi. Zinkatuluka, n'kufika pampanda, n'kupeza phula lotentha ndi magetsi owala ngati masana. Zina ndinkazipeza zitapondedwa ndi matayala. Nyerere zofiira, zomwe zimakonda dothi logumulidwa, zinabwera mwaunyinji. Dwayne anawiritsa madzi zaka ziwiri, kenako tsiku lina anakhuthula mphika wake pansi, n'kuuponya m'galimoto.

"Zandikwana, mlongo wanga," anatero. "Ndikuthirira manda ine."

"Ndiwe unati afe mmodzi."

"Ndinatero. Ukufuna ndinene kangati kuti ndinatero?"

Sindikanayenera kumuuza zimenezo, poti sipiriti anathira ndine. Anapita kukagwira ntchito yoika makina oziziritsa m'nyumba, ndipo timangopatsana moni pa Khirisimasi.

Akangaude ndinapeza awiri chaka choyamba, ana. Chaka chachiwiri mmodzi. Kuyambira pamenepo palibe. Zaka khumi ndi chimodzi tsopano ndimaimika galimoto pafupi ndi potayira zinyalala, ndimatsegula geti, ndimatola makapu a pepala amene anthu amaponya pamwamba pa mpanda, ndimalowa, ndimatembenuza miyala yomwe ija, n'kulemba ziro. Dothi la m'kati linauma, limachita fumbi. Kampani imatenga lipoti langa n'kuliika m'kabuku kake kokongola kosonyeza kuti imasamala chilengedwe. Mukandifunsa chifukwa chake sindisiya, ndikuuzani kuti ndikasiya ine adzalemba wina amene sadzafika n'kumapeto komwe. Chifukwa china n'chakuti ndimaopa tsiku limene ndidzavomere kuti phangali linafa.

Mayi Vogt ndinakumana nawo komweko kamodzi. Mdzukulu wawo anawabweretsa kudzagula mankhwala, akuwakankha pa njinga ya olumala. Anandiona ndikutuluka pageti, matope ouma ali m'tsitsi.

"Berta mwana wanga! Ukadalowabe? Alipo angati lero?"

"Palibe, amayi."

"Nanga ulendo wathawu?"

"Palibenso."

Anayang'ana mpanda, anayang'ana chikwangwani, n'kuyang'ana uku ndi uku ngati akufuna pomwe panali khola lawo.

"Ndiye mpandawu akutchingira chiyani?"

"Dzenje, amayi."

"Ukundida, eti?"

"Ayi amayi, sindikudani." Ndinanena zoona. Ndikanakonda ndikanawada iwo, zikanandipepukira.

Mwezi wathawu a Pulofesa Tackett anandiimbira foni kuti akupuma pantchito, ndipo asanapereke makiyi akufuna andionetse kanthu. Zaka zonsezi ndinali ndisanapiteko ku yunivesite kwawoko. Ndinapita. Anali atakalamba, akuyenda ndi ndodo, koma chimwemwe chawo chinali chomwe chija. Ananditengera m'chipinda chozizira cha pansi, chodzaza makabati achitsulo, chonunkha sipiriti. Anatsegula kabati ina n'kutulutsa botolo, m'botolomo n'kutulutsamo kabotolo.

"Nayu mayi wathu," anatero. "Akatswiri abwera kuchokera kutali kudzamuona. Wosungidwa bwino kuposa woyamba uja. Taona kapepala, dzina lako ndi ili. B. Salinas. Ife tonse tidzaiwalika, koma ili lidzakhalapo zaka mazana."

Ndinakanyamula. Anali wochepa kuposa momwe ndinkamukumbukirira, miyendo yopindika chimodzimodzi, mimba yong'ambidwa bwinobwino. Kapepala kanga ka pensulo kanali kosafufutika. Pansi pa kabotolomo munali kachubu kena kakang'ono kotseka ndi thonje.

"Umu muli chiyani, a Pulofesa?"

"Aa, amenewo ndi mazira ake. Ndinawachotsa pomung'amba. Anali atakhwima ndithu, akanaikira sabata yomweyo kapena yotsatira. Palibe wina padziko lonse amene ali ndi mazira a mtundu umenewu." Anandikokera mpando pa makina okulitsa zinthu. "Khala, uwaone. N'ngokongola."

Sindinafune, koma ndinakhala. Anali timipira toyera, tosalala, togundana. Ndipo poti ndine wowerenga, ndinayamba kuwerenga ndisanaganize n'komwe. Anali asanu ndi anayi. Ndinabwereza, monga ndimachitira nthawi zonse, ndipo anali asanu ndi anayi ndithu. Kuphatikiza mayi wawo, khumi.

"Bwanji, Berta? Wangoti chete."

"Ndikuwerenga, a Pulofesa."

"Wapeza angati?"

"Khumi," ndinatero. "Chiyambireni ntchito imeneyi sindinapezepo khumi tsiku limodzi."

Iwo anaseka, poyesa ndikuchita nthabwala, n'kubwezera kabotoloko m'kabati.